Chisoti choyeza ubongo si chowerengera maganizo, ndipo chiyesedwe pa mitu yathunso

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi ndiyankhulepo pa kanema yemwe wakhala akuzungulira m'magulu a WhatsApp, woonetsa mwana atavala chisoti chotuluka mawaya ambirimbiri. Mawu omwe ena alemba pansi pa kanemayo akuti azungu apanga chipewa chowerenga maganizo a munthu, ndipo posachedwa chifika kwathu kudzera m'zipatala. Ena afika ponena kuti ndi chizindikiro cha chilombo. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndimagwira ntchito yoyeza ubongo ndi makina a EEG pa chipatala china kuno ku England. Chisoticho ndimachidziwa, ndipo ndinachivalapo pamutu pangapa nditadzipereka pa kafukufuku wa yunivesite ina.

Bodza lotere ine sindiliseka. Tonse tikukumbukira chaka cha 2017, pomwe mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo n'kufika mpaka ku Blantyre, anthu osalakwa n'kuphedwa. Mmodzi mwa ophedwawo, malinga ndi apolisi, anali mnyamata wa zaka 22 wodwala khunyu yemwe anamuotcha ku Chileka. Mtima umandiwawa kuona mantha a mtundu womwewo akufesedwa pa chipangizo chomwe akuchikonzera makamaka odwala khunyu.

Ubongo umayendera magetsi. Maselo ake amatumizirana mauthenga ndi timagetsi tating'onoting'ono, ndipo paliponse podutsa magetsi pamakhala mphamvu ya maginito. Amene munakhalapo m'kalasi ya Physical Science mukukumbukira aphunzitsi akuika kampasi pafupi ndi waya wolumikiza ku batire, singano yake n'kupotoka. M'mutu mwathu zimachitikanso zomwezo, kungoti mphamvu yake ndi yochepa kosasimbika. Pamafunika maselo masauzande ambiri agunde nthawi imodzi kuti kunja kwa chibade kumveke kanthu, ndipo kanthuko kamachepa kuwirikiza ka 100 miliyoni, mwinanso ka biliyoni, ukakayerekeza ndi maginito a dziko lapansi omwe amalozetsa kampasi kumpoto. Kuyeza zimenezi kuli ngati kufuna kumva kulira kwa udzudzu uli m'kati mwa chigayo chomwe chikugaya.

Ntchito yomwe ndimagwira ine inayamba ndi dokotala wa ku Germany, Hans Berger, yemwe mu 1924 anajambula magetsi a muubongo wa munthu kwa nthawi yoyamba. Maginito ake anadikira mpaka 1968, pomwe David Cohen anawagwira ku Chicago ndi waya wa kopa wokulunga kambirimbiri. Zomwe anapezazo zinali zosamveka bwino. Mu 1972, ali ku yunivesite ya MIT ku America, anabwerezanso ndi kachipangizo katsopano kotchedwa SQUID m'chipinda chotchinga maginito, ndipo apa ndiye zinaoneka poyera. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa MEG. Wina afunsa kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani pomwe EEG ilipo kale ndipo ndi yotchipa. Yankho lili pa fupa. Magetsi akamachoka muubongo kudutsa chibade amamwazikana, moti ine ndikaona mzere ukudumpha pa kompyuta ndimatha kunena kuti vuto lili chakumanzere chakutsogolo, koma kuloza malo enieniewo kumavuta. Maginito amadutsa fupa, khungu ndi tsitsi osasokonekera kwenikweni, choncho amaloza bwino komwe chinthu chachokera.

Makina akale a MEG, omwe akugwirabe ntchito m'zipatala zikuluzikulu mpaka lero, ali ndi vuto lomwe aliyense wosamalira ana amalidziwa. SQUID sagwira ntchito pokhapokha azizire kufika madigiri 269 pansi pa ziro, ndiye amakhala womizidwa mu helium wamadzi m'kati mwa thanki ya khoma lochindikala, kuti kuzizirako kusafike kwa munthu. Kunsi kwa thankiyo kuli chibowo choumbidwa ngati chisoti, cha saizi imodzi yokha, ya munthu wamkulu. Umalowetsamo mutu n'kukhala duu, osagwedezeka. Kwa wamkulu, pakati pa khungu ndi tizipangizo toyezera pamatsala masentimita awiri kapena kuposa. Kwa mwana wa zaka zinayi mpatawo umakula kwambiri, ndipo mphamvu ya maginito imafooka msanga kwambiri ukangotalikira pang'ono. Tsono onjezanipo kuti mwanayo amuuze asatakataka kwa theka la ola. Helium nayenso ndi wodula komanso amasowa pa msika wa dziko lonse, n'chifukwa chake kupezeka kwake ku Rukwa, kwa anansi athu ku Tanzania, kunamveka patali mu 2016.

Tizipangizo tatsopano ta m'chisoti cha pa kanema uja, tomwe amatitchula mwachidule kuti OPM, sitifuna kuzizira konseko. Kalikonse kamatalika pafupifupi masentimita awiri ndi theka. M'kati mwake muli kagalasi kotsekeka ka mamilimita ochepa, momwe muli nthunzi ya chitsulo chotchedwa rubidium, yotenthetsedwa kufika pafupifupi madigiri 150. Kuwala kwa laser kumadutsa mu nthunziyo n'kufoletsa maatomu ake kuti onse aloze kumodzi. Akafola choncho, kuwala kumadutsa mosavuta n'kukagunda kadiso kamagetsi komwe kali kutsidya. Maginito ochokera muubongo akafika amapendeketsa maatomuwo pang'ono, nthunzi imayamba kumeza kuwala, kadiso kaja n'kuona kuti kwada pang'ono. Kusinthasintha kwa kuwalako ndiko kompyuta imalemba. Laser imathera m'kati mwa kachipangizo momwemo. Palibe cholowa m'mutu mwa munthu, palibe jakisoni, palibe kutenga magazi, palibe cheza ngati cha X-ray. Chisoticho chimangomvetsera.

Nzeru imeneyi yadutsa m'manja ambiri. Gulu la Michael Romalis ku yunivesite ya Princeton ku America linaonetsa mu 2002 ndi 2003 kuti maatomu otenthetsedwa atha kumva maginito ofooka mofanana ndi SQUID. Akatswiri a bungwe la NIST ku Boulder, m'chigawo cha Colorado, anachepetsa chipangizocho, ndipo mu 2012 chinayesedwa pamutu wa munthu ku Berlin. Kampani ya QuSpin, ya ku Colorado komweko, inayamba kupanga tizipangizoti togulitsa. Kenako mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Nottingham ndi University College London, ena mwa iwo Elena Boto, Matthew Brookes ndi Gareth Barnes, anasindikiza m'magazini ya Nature zotsatira za chisoti chovala. Munthu anayezedwa ubongo akugwedeza mutu, akumwa tiyi, akumenya kampira ka tenesi ya patebulo. Chaka chotsatira anayeza ana a zaka ziwiri ndi zisanu, pogwiritsa ntchito chisoti cha panjinga chomwe anachibowola n'kulowetsamo tizipangizoti.

Pali chinthu chomwe kanema uja sakuonetsa, chomwe pachokha chikwanira kuthetsa mantha oti wina angakuvekeni chipewa pamsika n'kukuberani za mumtima. Tizipangizoti timagontha tikakhala panja. Maginito a dziko lapansi amatikwirira, ndipo galimoto yodutsa pamsewu, chikepe cha m'nyumba, ngakhale makiyi a m'thumba amasokoneza zonse. Kuti tizipangizoti tigwire ntchito pamafunika chipinda cha makoma a chitsulo chapadera chotchedwa mu-metal, chosakaniza nickel ndi ayironi, choyalidwa kangapo, cholemera matani. Zimenezo sizikwanirabe. M'kati mwa chipindamo amaikamonso makoyilo a waya omwe amatulutsa maginito otsutsana ndi omwe atsalira, kuti pomwe pali mutu wa munthu pakhale pafupifupi ziro. Makoyilo amenewa, omwe Niall Holmes ndi Richard Bowtell a ku Nottingham anawakonza, ndiwo anachititsa kuti munthu athe kutakataka osawononga zoyezazo.

Mbali yomwe ine imandikoka mtima ndi kayesedwe kake, chifukwa m'menemo ndi momwe mumaoneka kusiyana kwa sayansi ndi malonda a asing'anga a pa Facebook. Chipangizo chikati chamva ubongo, amene akuchiyesa ayenera kuyamba wakayika. Amayamba ndi chipinda chopanda munthu, chitseko chotseka, kuti adziwe phokoso lomwe chipangizo chimapanga pachokha. Akatero amatenga mutu wochita kupanga, mpira wodzaza madzi a mchere kapena chimango cha timawaya, momwe aikamo kamagetsi pamalo odziwika ndi mphamvu yodziwika. Amaveka chisoti mpirawo n'kufunsa kompyuta kuti magetsi achokera pati. Yankho akulidziwa kale, ndiye ngati kompyuta yaphonya ndi mamilimita atatu kapena khumi, ziwonekeratu.

Apo mpamene amaitana anthu, poyamba athanzi, ndipo amawachititsa zinthu zomwe yankho lake ubongo wa aliyense umapereka mofanana. Ukatseka maso, kumbuyo kwa mutu kumabadwa mafunde ogunda pafupifupi ka 10 pa sekondi, omwe Berger anawatcha alpha. Ukatsegula amazimiririka. Akakugunda ndi kamagetsi kofooka pamkono pafupi ndi dzanja, chala chachikulu chimadumpha chokha, ndipo pakatha mamilisekondi 20, kutanthauza magawo 20 mwa magawo 1,000 a sekondi, ubongo umayankha kumbali ina ya mutu, yotsutsana ndi mkonowo. Akakuimbira kabelu m'khutu, yankho lalikulu limabwera pa mamilisekondi pafupifupi 100. Ukagwedeza chala, mafunde otchedwa beta amatsika, ukasiya amabwerera ndi mphamvu. Zonsezi zinadziwika kale ndi EEG komanso MEG yakale. Chipangizo chatsopano chikalephera kuzipeza pa nthawi yake ndi pamalo pake, ndiye kuti sichinapse. Amatenganso munthu mmodzimodziyo n'kumuyeza m'makina akale ndi atsopano, kenako n'kumuitananso tsiku lina kuti aone ngati yankho silisintha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ntchito imeneyi yatenga zaka zoposa khumi ikadali m'njira.

Tsiku lomwe ndinapita ine, anayamba andiwerengera chikalata chofotokoza zonse, n'kundiuza kuti nditha kusiya nthawi iliyonse osapereka chifukwa. Anandifunsa ngati ndili ndi chitsulo m'thupi, waya wa m'mano, kapena batire ya mtima. Ndinavula ndolo, mphete, timapini ta m'tsitsi, kamisolo yokhala ndi waya, n'kuvala zovala za thonje zomwe anandipatsa. Ngakhale zodzola za m'maso anati zichoke, poti zina zimakhala ndi tizitsulo. Chitseko cha chipindacho n'chochindikala, chimatsekeka mwakachetechete, koma pali kamera ndi cholankhulira moti ukaitana amayankha pompo. Mtsikana wofufuzayo anandiveka chisoti n'kuyamba kukankha kachipangizo kamodzikamodzi mpaka kakhudze khungu. Patapita kanthawi ndinayamba kumva kufunda pamutu, kosawotcha ayi, koma komveka ndithu. Ntchito yanga inali kuyang'ana zozungulira zomwe zimaoneka pa nsalu, kugwedeza chala akandiuza, kutseka maso, kutsegula. Titamaliza anandionetsa pa kompyuta pomwe ndinatseka maso: mizere yomwe inali yosalongosoka inasanduka mafunde oyenda mwadongosolo. Mafunde amenewo ndimawaona tsiku ndi tsiku pa odwala anga, koma kuona anga omwe atatengedwa popanda phala lomatira ngakhale dontho kunandigwira mtima.

Nanga zotsatira zikuti chiyani? Pa odwala enieni, kafukufuku yemwe anthu a ntchito yathu amamutchula kwambiri ndi wa ku Brussels, m'dziko la Belgium, wosindikizidwa mu 2022. Anayeza ana asanu odwala khunyu m'makina onse awiri. Timikwingwirima tomwe ubongo wa wodwala khunyu umatulutsa ngakhale pomwe sakugwa tinaoneka tatikulu kuwirikiza kawiri mpaka kanayi pa tizipangizo tatsopano, chifukwa tili pafupi ndi khungu. Koma phokoso nalo linakula, moti phindu lenileni linali locheperapo, ndipo linaoneka mwa ana anayi okha mwa asanuwo. Ana asanu ndi ochepa zedi. Kuno ku England, bungwe la Young Epilepsy ku Lingfield, m'chigawo cha Surrey, linaika makina otere mu 2021 kuti ayesedwe pa ana ambiri, ndipo chipatala cha ana cha SickKids ku Toronto nacho chili nawo.

Zofooka zilipo, ndipo ofufuza omwe amazinena poyera. Kachipangizo ka OPM pakokha n'kaphokoso kuposa SQUID. Sikamva bwino mafunde othamanga kwambiri. Tizipangizoti tikayandikana kwambiri timasokonezana. Phindu lake lalikulu lili pa zochitika chakumtunda kwa ubongo, pomwe za m'kati kwambiri zimavutabe. Mwana akatembenuka mwamphamvu mizere imadumpha ndipo pamafunika masamu ambiri kuti uisefe. Ku Grenoble, m'dziko la France, ena akuyesa mtundu wina wogwiritsa ntchito mpweya wa helium wosafuna kutenthetsa. Aliyense wokuuzani kuti makina amenewa atha kale ndipo amachiza, akukunamizani. Sachiza chilichonse. Amathandiza dokotala kuona.

Pa nkhani yowerenga maganizo ndinene chilungamo chonse, chifukwa kubisa ndiko kumabala mphekesera. Alipo ofufuza omwe akuyesa kumasulira zochitika muubongo. Mu 2025 a kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi WhatsApp, mogwirizana ndi malo ofufuzira a ku San Sebastián ku Spain, anaika anthu odzipereka m'makina a MEG akale aja n'kuwauza azitayipa ziganizo, kompyuta n'kumalosera zilembo zomwe atayipa. Inkaphonya pafupifupi chilembo chimodzi pa zitatu zilizonse, chonsecho munthu ali m'chipinda chotchinga, atavomera, akutayipa ndi zala zake, kompyuta itaphunzitsidwa ndi zoyeza zambirimbiri. Zimenezo zili kutali kwambiri ndi kudziwa zomwe munthu wasunga mumtima. Komabe funso loti zoyezedwa muubongo wa munthu ndi za yani, azisunga ndani, angazigulitse kapena ayi, ndi funso lenileni. Dziko la Chile linasintha malamulo ake aakulu mu 2021 kuti ateteze zimenezi. Ngati tikufuna kuda nkhawa, nkhawa yathu ipite kumeneko, kwa aphungu ndi makomiti oona za kafukufuku, osati kwa namwino wonyamula chikwama m'mudzi.

Tsono chifukwa chiyani ine Mmalawi ndikudzivutitsa ndi makina a ku Nottingham? Chifukwa khunyu ndi matenda athu. Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Zoyambitsa zake timakhala nazo pakhomo: mwana kubanika pobadwa, matenda oumitsa khosi, mazira a njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba akakakhazikika muubongo, kuvulala m'mutu pa ngozi za kabaza, ndi malungo. Kafukufuku wa ku Blantyre wotsogoleredwa ndi Gretchen Birbeck, wosindikizidwa mu 2010, anatsatira ana 132 omwe anapulumuka malungo a muubongo. Ana 12 mwa iwo anadzayamba kugwa khunyu, pomwe mwa ana 264 omwe anawayerekeza nawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Ana amenewa tikuwadziwa. Ndi aja ali ndi zipsera za moto m'manja, aja anawaletsa sukulu poti ati apatsira anzawo ndi malovu, chinthu chomwe sichichitika n'komwe.

Odwala ambiri, mpaka 70 mwa 100 alionse, atha kusiyiratu kugwa atapeza mankhwala oyenera n'kumamwa mosadukiza. Otsalawo mankhwala sawagwira, ndipo ena mwa iwo atha kuchira ndi opaleshoni yochotsa kachigawo kaubongo komwe kugwako kumayambira. Dokotala wa opaleshoni safuna kungouzidwa kuti chakumanzere. Amafuna adziwe malo enieni, komanso kuti mbali yolankhulira ndi yoyendetsa dzanja zili patali bwanji ndi mpeni wake. Zikapanda kudziwika ndi zoyeza za kunja, amabowola chibade n'kulowetsa timawaya muubongo momwemo, mwana n'kugona m'chipatala masiku angapo kudikira kuti agwe. Ndinakhalapo pambali pa makolo pa nthawi ngati imeneyo. Chipangizo chilichonse chomwe chingachepetse kubowolako, kapena kuloza bwino pobowola, ine ndichiombera m'manja.

Sindikunena kuti boma ligule chisoti chimenechi mawa. Ndingakhale wopanda chifundo kunena zimenezo pomwe WHO yomweyo ikuti m'maiko osauka anthu atatu mwa anayi alionse odwala khunyu salandira chithandizo chomwe akufunika. Choyamba kwathu ndi chakuti phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate azipezeka pa chipatala chaching'ono mwezi ndi mwezi, mayi asamayende mtunda wautali n'kukabwezedwa chimanjamanja, poti kudukiza mankhwalawa kumabweretsa kugwa koopsa kuposa kale. Chachiwiri ndi makina a EEG ndi anthu odziwa kuwerenga mizere yake. Koma ndikananso mawu akuti zinthu zapamwamba si zathu. Makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, atafika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, analipo okayika. Ndi makina omwewo omwe Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo a ku Malawi anaonetsa nawo dziko lonse mu 2015 kuti chomwe chimapha ana ambiri odwala malungo a muubongo ndi kutupa kwa ubongo mpaka kupanikiza mbali yoyendetsa kupuma. Funsolo linavuta madokotala kwa zaka zambiri, ndipo yankho linapezeka pa Ginnery Corner.

Ndifike pa chomwe chandilembetsa kalatayi, chomwe ndi tsitsi. Poyeza EEG ndimayamba kuyeza mutu ndi tepi, kuika zizindikiro ndi pensulo, kupala khungu ndi kaphala kokhakhala, kenako kumata timawaya toposa 20, kalikonse kakhudze khungu lenilenilo. Kalata yomwe odwala amalandira imati abwere ndi tsitsi lochapa, lopanda mafuta, lopanda meshi kapena wigi yosokerera. Ndaonapo mayi wa ku Africa kuno atakhala pampando wodikirira akumasula tsitsi la mwana wake lomwe analukitsa ndi ndalama zambiri dzana lake, mwana akulira, nthawi ikutha. Ndaonapo mnyamata wa madiredi akuuzidwa kuti zoyezazo sizinatuluke bwino, abwerenso. Timawaya timeneti tinapangidwa ndi kuyesedwa pa tsitsi loterera, logona. Zinatengera Arnelle Etienne, wophunzira wachikuda pa yunivesite ya Carnegie Mellon ku Pittsburgh, kuti mu 2020 atulutse timawaya tokanikiza pakati pa mizere ya tsitsi loluka. Apo n'kuti patapita zaka pafupifupi 100 chiyambire EEG.

Si tsitsi lokha. Kachipangizo kopanira pa chala koyeza mpweya m'magazi, komwe tonse tinakadziwa nthawi ya Covid-19, kamadalira kuwala kodutsa pakhungu. Ofufuza a ku yunivesite ya Michigan anapeza mu 2020 kuti kamalephera kuona kuchepa koopsa kwa mpweya mwa odwala akuda kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa mwa azungu. Palibe amene anakhala pansi n'kupangana kuti atipweteke. Chinachitika n'chakuti pomwe zipangizozi zinkayesedwa, anthu a khungu ngati lathu anali ochepa m'chipindamo, ndipo cholakwikacho chinalowa m'zipatala za dziko lonse, kuphatikizapo zathu.

Chisoti chatsopanochi chili ndi mwayi pa mbali imeneyi, chifukwa maginito safuna kumata kapena kupala khungu, amadutsa tsitsi bwinobwino. Koma ubwino wake wonse wagona pa kuyandikira. Kachipangizo kakakhala pakhungu, nthunzi ija imakhala mamilimita ochepa chabe kuchokera pamutu. Kakakhala pamwamba pa mzere wa tsitsi loluka kapena pa diredi lonenepa, katalikira ndi sentimita yathunthu, ndipo gawo la phindu lija lapita. Tsiku langa lija ndinapita nditaluka mizere yopita kumbuyo. Tizipangizo tina tinagwera bwino m'mipata, pakhungu penipeni, tina tinakhala pamwamba pa mizere. Ine ndi mtsikana uja tinakambirana nthawi yaitali za m'mene angalukire munthu kuti mipata igwirizane ndi mabowo a chisoti, ndipo analemba zonse m'buku lake. Zinthu ngati zimenezi zimakonzeka mosavuta panopa, zisoti zikadali kujambulidwa ndi kusinthidwa, kusiyana ndi mtsogolo zikadzapangidwa masauzande n'kulembedwa m'mabuku ophunzitsira.

Pempho langa lipite kwa Amalawi anzanga ndi abale athu a ku Zambia ndi Zimbabwe omwe ali kuno ku Britain, makamaka okhala kufupi ndi Nottingham, London, Oxford ndi Birmingham, komanso omwe ali ku Toronto ndi Brussels. Mukaona chidziwitso cha yunivesite chofuna anthu odzipereka pa kafukufuku wa ubongo, musachitaye. Werengani chikalata chonse, funsani kuti zoyezazo azisunga kuti, kwa zaka zingati, ndipo adzaziona ndani. Funsani ngati padzafunikanso kujambulidwa ndi MRI. Ngati simukhutira ndi mayankho, kanani, palibe angakukakamizeni, ndipo chithandizo chanu cha kuchipatala sichisintha. Makolo a ana odwala khunyu ayambe akambirana ndi dokotala wa mwanayo, ndipo mankhwala asasiyidwe chifukwa cha kafukufuku aliyense. Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti kanema ngati ameneyu akayamba kuzungulira, mtolankhani wanu aimbire akatswiri a ubongo a ku Kamuzu University of Health Sciences amve maganizo awo, n'kuwalemba m'Chichewa chomwe agogo anga ku Ntcheu angamve akawerengeredwa.

Amene muvomere kupita, musathamangire kumasula tsitsi. Imbani foni kaye muwauze m'mene mwalukira, muchotse timapini ndi mikanda yachitsulo yokha ngati avomera, ndipo mukafika muwapemphe alembe m'kaundula wawo mtundu wa tsitsi lanu ndi m'mene chisoti chinakhalira pamutu.

Ndine wanu,
Mayi wa ku Ntcheu,
Midlands, England